Oscar wanga watuluka timabowo pamutu ndipo wasiya kudya, chonde thandizeni

MwiniWaKambuku
Akuluakulu, moni nonse pagulu pano. Ndasowa pogwira. Oscar wanga, nsomba yoweta m'thanki imene ndimaitcha Kambuku, ndakhala naye zaka zitatu ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 28. Masabata awiri apitawo ndinaona timabowo tiwiri pamwamba pa diso lakumanzere, tating'ono ngati pobayidwa ndi singano. Lero ndawerenga tisanu, ndipo kamodzi kakula, m'kati mwake mukuoneka zoyerayera. Chakudya akuchitenga n'kuchilavula. Chimbudzi chake ndi choyera, chachitali ngati ulusi, chikumangolendewera. Kale ankandichingamira ndikangolowa m'chipinda, koma pano akungokhala pakona, thupi lada bii. Ndinathira mchere, kenako mankhwala obiriwira aja a matenda a madontho oyera, dzulo ndawonjezera ena opha mabakiteriya. Palibe chikusintha. Ndithirenso chiyani?

MayiWaMaCichlid
Pepani kwambiri achimwene. Lero musathirenso kanthu. Tiuzeni kaye izi: thanki ndi ya malita angati, muli nsomba zina ziti, madzi mumasintha kangati ndiponso ochuluka bwanji, amadya chiyani, ndipo ammonia, nitrite ndi nitrate, zoipa zimene zimachokera ku zinyalala za nsomba m'madzi, zili pa manambala anji. Mutumizenso chithunzi cha mutu, mujambule chakutsogolo kuti mbali zonse ziwiri zioneke.

MnyamataWaThanki
Imeneyo ndi hole in the head, matenda oboola mutu wa nsomba, palibe chokayikitsa. Pezani mankhwala a metronidazole, hita yotenthetsa madzi muikweze ifike madigiri 30. Mukachedwa mutu wonse udyeka.

MwiniWaKambuku
Thanki ndi ya malita 200, muli iyeyo ndi pleco mmodzi wamkulu, nsomba ya kamwa yoyamwa yokonda kukhala pansi. Madzi ndimasintha kamodzi pamwezi, ndowa ziwiri kapena zitatu, ndipo akaphwa ndimangowonjezera. Amadya tinsomba tamoyo ta goldfish ndi mtima wa ng'ombe, mapeleti anawakana kalekale. Zoyezera madzi ndilibe, koma madziwo ndi oyera mbee. Ndipo nditaona timabowoto ndinatsuka fyuluta yonse pampopi mpaka siponji inayera. Chithunzi ndi icho.

MkuluWaGulu
Ndachiona chithunzicho. Ndiyambe ndi mawu kwa ena amene akuwerenga, chifukwa nkhani ngati iyi ikabwera anthu ambiri amathamangira kukayang'ana mitu ya nsomba zawo n'kuchita mantha. Oscar aliyense ali ndi timabowo tachibadwa kumaso, timene amamvera kugwedezeka kwa madzi. Timakhala tating'ono, tosalala m'mphepete, ndipo kamene kali kumanzere kamakhala ndi kanzake kumanja pamalo ofanana. Timeneto si matenda.

Za Kambuku n'zina. Kabowo kakakuluko kalibe kanzake mbali inayo, m'mphepete mwake mwadyeka, ndipo khungu lozungulira layera. Apa ndikugwirizana ndi MnyamataWaThanki pa dzina la matendawa. Pamene sindikugwirizana naye ndi poyambira.

Madzi oyera m'maso sanena chilichonse, achimwene. Ammonia, nitrite ndi nitrate zilibe mtundu. Komanso madzi akaphwa, amene amachoka ndi madzi okha, zoipa zonse zimatsala momwemo. Ndiye pa malita 200, kuchotsa ndowa zitatu pamwezi, muli nsomba ziwiri zodya kwambiri chonchi, ndikuganiza kuti nitrate yanu ili kumwamba zedi. Pezani zoyezera zamadontho mawa, osati mawa lina.

MayiWaMaCichlid
Chimene chandiopsa ine ndi siponji yotsukidwa pampopiyo. Zofiirira zimene munachotsazo ndi mmene mumakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, kenako nitrite kukhala nitrate. Klorini wa m'madzi a pampopi amawapha. Pamwamba pake mwathira mankhwala opha mabakiteriya, amene sasankha kuti awa ndi abwino, awa ndi oipa. Kuyambira lero siponji muziifinyira m'ndowa ya madzi ochokera muthanki momwemo, ingochoka matope, isachite kuyera.

MwiniWaKambuku
Mayi, zimenezi sindinkazidziwa ngakhale pang'ono. Ndinkayesa ndikumuthandiza. Mtima ukundipweteka kwambiri.

MayiWaMaCichlid
Musadziimbe mlandu mpaka kufooka nazo. Oscar ndi nsomba yolimba, ndipo wanuyu akadali kusambira. Usiku uno chotsani madzi okwana gawo limodzi mwa magawo anayi, muthire atsopano ofunda mofanana ndi akalewo, mutathiramo kale mankhwala ochotsa klorini. Ngati muli ndi pampu ya mpweya, iyatseni. Chakudya musiye kaye.

MwiniWaKambuku
Ndayeza m'mawa uno. Ammonia 0.25, nitrite 0.5, pH (muyezo wa asidi m'madzi) 6.0. Nitrate poyamba inaonetsa 20, ndinasangalala, koma nditawerenganso pepala la malangizo ndinaona kuti botolo lachiwiri limafunika kulikhutchumula kwambiri. Nditabwereza, madzi anafiira psuu, pa tchati ndi 160, ndipo pamenepo ndi pomwe tchatiyo ikuthera. Uku ndikuti ndinasintha kale madzi dzulo usiku.

MkuluWaGulu
Mwachita bwino kubwereza. Botolo limenelo lanamiza anthu ambiri, chifukwa mankhwala ake amadikha pansi. Tsopano tili ndi poyambira. Ammonia ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0 nthawi zonse. Nitrate ambiri timayesetsa kuti isapitirire 40, ndipo pa nsomba yodwala mutu chonchi ine ndimafuna itsike kufika cha m'ma 20.

Koma musachite phuma n'kukhuthula thanki yonse lero. Nsomba imeneyi yazolowera pang'onopang'ono madzi a pH 6.0, ndipo ngati a pampopi panu ali ndi pH yokwera, kusintha kwadzidzidzi kungamuvulaze. Palinso china: ammonia imakhala yaululu kwambiri pH ikakwera. Ndiye muzichotsa 30 peresenti tsiku lililonse. Tikawerengera mwachidule, 160 itsika kufika 112, mawa lake 78, kenako 55, kenako 38. Sizitsika ndendende chonchi chifukwa nsomba zikupitirizabe kuipitsa madzi, ndiponso mwina nambala yeniyeni yaposa 160, koma njira yake ndi imeneyo. Pochotsa madziwo muzipisa paipi m'timiyala ta pansi, makamaka pansi pa chikuni pamene pleco amagona. Muyezenso madzi a pampopi paokha, pena amabwera ali kale ndi nitrate.

MnyamataWaThanki
Zamadzizo ndamva, koma akuluakulu tisaiwale chimbudzi choyera chija. Chimenecho ndi Hexamita. Madzi abwino sapha tizilombo ta m'mimba. Nsomba ifa tikuwerenga maperesenti.

WoyezaNdiGalasi
Achimwene a MnyamataWaThanki ali ndi mfundo, koma tiione bwino. Tizilombo timene anthu amangotitchula kuti Hexamita, timene pa ma cichlid (banja la nsomba limene oscar alimo) nthawi zambiri timakhala ta mtundu wa Spironucleus, timakhala m'matumbo, ndipo timapezeka ngakhale mwa nsomba zooneka zathanzi. Timachuluka n'kuyamba kuvutitsa pamene thupi la nsomba lafooka. N'chifukwa chake anthu amakangana mpaka lero ngati tizilomboti ndi timene timaboola mutu, kapena timangopezerapo mpata pa nsomba yofooka kale ndi madzi oipa komanso chakudya chosakwanira.

Chimbudzi choyera pachokha si umboni wokwanira. Nsomba imene yakhala masiku osadya imatulutsa mamina a m'matumbo okhaokha, ndipo amaoneka chimodzimodzi. Njira yotsimikizira ndi kutenga chimbudzi chongotuluka kumene, kuchiika pagalasi ndi dontho la madzi a muthanki, n'kuchiyang'ana pa maikulosikopu. Tizilomboti timaoneka tikuthamangathamanga. Dokotala wa ziweto amene amadziwa za nsomba angakuchitireni zimenezi, ndipo iye ndi amenenso angakuuzeni mlingo woyenera wa mankhwala.

Kwa Kambuku, poona kuti akulavula chakudya, wada thupi ndiponso akubisala, ine ndinganene kuti metronidazole afunika. Koma osati lero, m'madzi muli kale mankhwala a mitundu itatu ndipo nitrite ilipo. Dikirani masiku atatu kapena anayi madzi ayambe akhala bwino.

MnyamataWaThanki
Chabwino, pamenepo ndavomera. Nanga hita? Ine ndinawerenga kuti metronidazole amagwira bwino madzi akatentha.

MayiWaMaCichlid
Hita isiyeni pa 26 kapena 27. Oscar kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya m'chigwa cha Amazon, ndipo kutentha kumeneko kumamukwanira. Chifukwa chimene ndikukanira 30 ndi ichi: madzi akamatentha mpweya wa okosijeni umachepamo, ndipo nitrite imalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni. Mukaphatikiza ziwirizi nsomba ibanika. Komanso pamutu pali chilonda chotseguka. Mabakiteriya a columnaris, aja amapangitsa zoyera ngati thonje pakamwa ndi pamsana, amafalikira mwachangu m'madzi otentha.

Chiyambi_Chatsopano
Pepani kuti ndikulowerera nkhani ya eni ake. Wanga ndi oscar wamng'ono, ndamugula sabata yatha. Watuluka timadontho toyera thupi lonse mpaka m'zipsepse, ngati wawazidwa mchere, ndipo akumadzikhula pamiyala. Kodi ndi matenda omwewa? Ndimupatse metronidazole nanenso?

MkuluWaGulu
Ayi achemwali, anuwo ndi ena. Amenewo ndi ich, kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, ndipo metronidazole si mankhwala ake. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kamene kalowa pansi pa khungu n'kumadya. Kali pamenepo mankhwala sakafikira. Kakakhuta kamagwa pansi, n'kudzikuta, n'kugawikana kukhala tiana mazanamazana, ndipo tianato tikatuluka kukasaka nsomba m'pamene mankhwala amatipha. Ndiye madontho akasowa pathupi musayese kuti matenda atha. Pitirizani mankhwala masiku ena angapo monga momwe botolo likunenera. Anthu ambiri amasiyira pamenepo, sabata yotsatira madontho n'kubwerera ochuluka kuposa poyamba.

Kwa inu kukweza hita pang'onopang'ono kufika 29 kapena 30 kumathandiza, chifukwa kachilomboka kamafulumira kugwa pathupi, bola muwonjezere mpweya. Mankhwala ake nthawi zambiri amakhala ndi malachite green ndi formalin. Chotsani kaye makala a mufyuluta, apo ayi amwa mankhwala onse. Ndipo muchize thanki yonse, osati nsomba yokha. Tsegulani nkhani yanu padera mutiuze manambala a madzi anu, kuti malangizo awiriwa asasokonezane.

Chiyambi_Chatsopano
Zikomo kwambiri bambo, ndikutsegula pompano.

MwiniWaKambuku
Mwatchula makala a mufyuluta. Anga ndimasintha mwezi uliwonse. Wina wandilembera kumbali kuti makalawo ndi amene amayambitsa mabowo pamutu. Zoona?

AgogoA_Oscar
Ine ndasunga ma oscar kwa nthawi yaitali, ndipo mmodzi anakhala nane zaka 13. Makala ndinasiya kalekale. Sindinganene kuti ndi amene amayambitsa matendawa, koma thanki yosamalidwa bwino siwafuna. Ine ndimawaika pokhapokha ndikafuna kuchotsa mankhwala m'madzi ndikamaliza kuchiza.

WoyezaNdiGalasi
Nkhani ya makala imamveka kwambiri kwa anthu osunga nsomba za m'madzi amchere, kumene fumbi la makala limaganiziridwa kuti limadya khungu la kumutu ndi m'mbali mwa nsomba. Pa oscar anthu amasiyana maganizo. Kwa Kambuku ndinganene chonchi: ikani makala atsopano, otsukidwa bwino fumbi, kwa masiku awiri kuti amwe zotsalira za mankhwala aja munathira. Kenako muwachotse musanayambe metronidazole, malo akewo muikepo siponji ina. Mchere wokha makala sachotsa, umachoka ndi kusintha madzi, ndipo pleco wanu sagwirizana ndi mchere wambiri. Koma musaike maganizo onse pa makala pamene nitrate ili pa 160.

AgogoA_Oscar
Mundilole ndilankhule za chakudya, chifukwa aliyense wangodutsapo. Mwanawe, tinsomba ta goldfish tisiye lero lomwe. Timasungidwa tambirimbiri mothithikana, ndiye kalikonse kamene umaponya muthanki kangabwere ndi matenda ake. Kuwonjezera apo, goldfish ali ndi thiaminase, chinthu chimene chimawononga vitamini B1 m'thupi la nsomba yowadya. Mtima wa ng'ombe nawonso suyenera kukhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Mafuta a nyama za magazi ofunda nsomba imavutika kuwagaya, ndipo zotsala zake zimaipitsa madzi msanga.

Kutchire oscar amadya kwambiri tizilombo, tinkhanu, tinsomba apo ndi apo, ngakhalenso zipatso zogwera m'madzi. Ndi nsomba imene imafunikira vitamini C m'chakudya chake. Mapeleti abwino a ma cichlid akhale maziko, uziwonjezera nyongolotsi zochokera m'dothi lopanda mankhwala, nkhululu, ndi ma shrimp. Ugule paketi yaing'ono, chifukwa mavitamini amatha mphamvu paketi ikakhala miyezi yambiri chitsegulire.

Ukuti mapeleti anawakana. Oscar amanyanyala, ndi khalidwe lake. Ukangosuntha mwala muthanki amatha kugona cham'mbali pansi, kutuwa, n'kukana kudya masiku awiri. Wamkulu ngati wakoyo sangafe chifukwa chokhala sabata osadya. Iwe uponye mapeleti awiri, akapanda kudya pakatha mphindi zochepa uwachotse, mawa uyesenso.

MwiniWaKambuku
Agogo, ndamva ndipo nditsatira. Lero ndi tsiku lachisanu. Ammonia 0, nitrite 0.25, nitrate pakati pa 40 ndi 80. Pansi pa chikuni panatuluka zinyalala zoti sindinkaganiza kuti zingakhalepo. Kambuku wayamba kuchoka pakona, mtundu wake wofiira ukubwerera pang'ono. Ndinamupeza dokotala wa ziweto, ndinamutengera chimbudzi m'kabotolo, ndipo anandionetsa ndekha tizilomboto tikuyenda pagalasi. Wandipatsa metronidazole ndi mlingo wake. Akuti ndi bwino adye m'chakudya, koma nanga poti akulavula?

WoyezaNdiGalasi
Dokotalayo wanena zoona, tizilomboti tili m'matumbo ndiye mankhwala odya amafika pomwepo. Poti sakudya, yambani ndi othira m'madzi monga wakulemberani, ndipo muzisintha madzi musanathire ulendo wotsatira. Ufa wake susungunuka msanga, ndiye muyambe mwausungunula m'kapu ya madzi ofunda. Magetsi a pathanki muzimitse, kuwala kumawononga mankhwalawa. Akangoyamba kumeza chilichonse, nyikani mapeleti m'madzi ochepa a mankhwalawo, aume pang'ono, mumupatse. Mumalize masiku onse amene dokotala wanena, koma musapitirize mwa inu nokha kwa masabata, chifukwa akachuluka amavulaza nsomba.

MayiWaMaCichlid
Ndiwonjezere kamodzi. Mukhala mukupisa manja m'madzi tsiku lililonse masiku ano. Ngati muli ndi bala padzanja, valani magolovesi aatali. Muli mabakiteriya ena m'mathanki, monga Mycobacterium marinum, amene amalowa pabala n'kuyambitsa zotupa zochedwa kupola. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika muuze dokotala kuti mumasunga nsomba. Ndipo hita yanu ngati ilibe chotchingira, muiikire. Oscar akayamba kupeza bwino amamenya chilichonse.

MnyamataWaThanki
Ndiye tiziyang'anira chiyani kuti tidziwe ngati zikuipa? Ndikufunsira wanganso, ndinayeza dzulo n'kupeza nitrate 80.

MkuluWaGulu
Mwachita bwino kuyeza, achimwene. Yang'anani kapumidwe, chifukwa nsomba yopuma mothamanga kapena yokhala kukamwa kuli pamwamba pa madzi ikusowa mpweya. Yang'anani m'mphepete mwa zipsepse ngati mukunyenyeka n'kuyera kapena kufiira. Diso limodzi likatupa, kawirikawiri wadzigunda. Akatupa onse awiri, vuto lili m'kati mwa thupi kapena m'madzi. Choopsa kwambiri ndi mimba kutupa mamba n'kuimirira mukamayang'ana kuchokera pamwamba. Pamenepo ziwalo za m'kati, makamaka impso, zimakhala zalephera, ndipo nsomba zambiri sizichira. Kambuku sanafike kumeneko.

MwiniWaKambuku
Anzanga, papita masabata asanu, ndabwera kudzakuuzani mmene zilili. Pa tsiku lachinayi la mankhwala anameza nyongolotsi imodzi osalavula, ndinachita kukhala pansi n'kumangomuyang'ana. Mapeleti anayamba kudya patatha masiku 9 akuwakana. Chimbudzi chabwerera mwakale. Ammonia 0, nitrite 0, nitrate ikumakhala pakati pa 20 ndi 30, koma kuti ikhale pamenepo ndikusintha madzi kawiri pasabata, 40 peresenti ulendo uliwonse. Timabowo tinayi tatsekeka. Kakakulu kaja zoyera zinatha, koma kakadali kolowa m'kati. Kodi kadzadzadza?

AgogoA_Oscar
Ndasangalala kwambiri, mwanawe. Kakakuluko kangatenge miyezi, ndipo mwina kadzasiya chipsera mpaka kalekale. Wanga wa zaka 13 uja anali nacho chotere pamwamba pa mphuno, ndipo sichinamulepheretse kanthu. Chofunika n'chakuti m'mphepete mwake mukhale mosalala ndipo kasakule. Uzikajambula Loweruka lililonse utaima pamalo amodzimodzi, chifukwa maso oona tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha.

MkuluWaGulu
Kusintha madzi kawiri pasabatako kukukuuzani kuti thanki yachepa. Oscar amafika masentimita 30 mpaka 35, ndipo mmodzi yekha amafuna malita osachepera 280. Ndi pleco wamkuluyo, malita 200 sangakwane. Musankhe: thanki yaikulu, kapena pleco apeze kwina kokhala. Mukapeza thanki yatsopano, musamutse siponji zakalezo zili zonyowa, ndipo ya malita 200 muisunge ikhale yoikamo nsomba zatsopano kwa masabata anayi musanaziphatikize ndi zinzake.

MwiniWaKambuku
Pleco ndamupezera kale malo kwa mnzanga amene ali ndi thanki ya malita 450, akamutenga Loweruka. Funso lomaliza: pleco ameneyu wakhala m'madzi amodzi ndi Kambuku nthawi yonseyi. Mnzangayo angomuponya muthanki yake?

MayiWaMaCichlid
Ayi, amuike payekha kaye masabata anayi, ndi fyuluta yakeyake, neti yakeyake ndi ndowa yakeyake. Mumupatseko kachidutswa ka siponji ya mufyuluta yanu kuti thanki yodikiriramoyo isayambe yopanda mabakiteriya. Ndipo pleco musamugwire ndi neti, minga ya zipsepse zake imakodwa. Mulowetseni m'chidebe cha pulasitiki ali m'madzi momwemo.